Mwala wa Dayiki ya Kwathu

Ndiyambe ndi kukonza cholakwa chimodzi. Anthu a kuno ku Mkhumba akandimva ndikutsokomola amauzana kuti ndinkagwira ntchito mumgodi. Mumgodi sindinalowemo ngakhale tsiku limodzi. Ntchito yanga ku Joni inali yosema zilembo pa miyala, ndipo fumbi limene linakhazikika m'chifuwa changamu ndi la mwala wakuda wa pamanda, osati la pansi pa nthaka. Wofuna kundimvera chisoni andimvere pa chifukwa cholondola, pakuti chifukwacho chilipo, ndipo ndi chimene ndikulemba pano.

Ku Joni ndinapitako imvi zitayamba kale. Poyamba ndinali mphunzitsi wongothandizira pa sukulu ya mishoni, wopanda pepala la ku koleji. Aphunzitsi a mapepala atachuluka, anandithokoza ndi mawu okoma n'kunditsegulira chitseko. Ndinali mkamwini m'mudzi wa mkazi wanga, Esinati, m'chigwa cha Phalombe, pamalo pamene mtsinje wotsika m'phiri umafika pathyathyathya n'kuyamba kuiwala njira yake. Munda unali wa mkazi wanga, monga mwa mwambo wathu. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Lidiya, anali wa mbumba ya kuchikazi, ndipo mwini mbumbayo anali mlamu wanga, a Mulipa, mlongo wake wamkulu wa Esinati. Changa chenicheni pamudzi pamenepo chinali dzanja lolemba bwino, basi.

Tsiku lonyamuka, Esinati anasenza chikwama changa mpaka pamsewu. Basi itaonekera patali anati, "Bambo a Lidiya, kumeneko musakayambe kukonza Chizungu cha eni ake, angakubwezeni musanapeze ntchito." Ndinalonjeza kuti ndikaugwira mtima. Anaseka, n'kundipatsa kaphukusi ka mtedza wokazinga ndi makaka. Iye ankawerenga movutikira, choncho tinapangana kuti makalata anga azimuwerengera Lidiya.

Nditavutika miyezi ingapo ndi maganyu a m'minda ya maluwa, ndinapeza malo pa yadi ina yosema miyala kunja kwa tauni. Mwini wake anali Mpwitikizi wokalamba, wosalankhulalankhula. Anandipatsa pepala kuti ndikopere dzina la munthu wakufa. Atayang'ana zilembo zanga anangoloza benchi. Kagwiridwe kake kanali kotere: mwala ukadulidwa ndi kusalazidwa tinkamatapo mphira, ine n'kujambula zilembo ndi kuzicheka ndi kampeni, kenaka makina ankapopera mchenga mwamphamvu m'malo ochekedwawo. Zilembo zofuna ulemu wapadera ndinkazisema ndi dzanja, ndi nyundo yaing'ono ndi chitsulo chosongoka, pomaliza n'kuzipaka utoto wagolide. Fumbi linali paliponse: mu tiyi, m'bulangeti, m'mano.

Tinkagona atatu m'chipinda cha malata kuseri kwa yadiyo. Antoniyo, wosalaza miyala, anali wa ku Mozambiki, kupitirira Milanje, Mlomwe ngati ine. Tikatopa ndi zilankhulo za eni dziko tinkabwerera ku Chilomwe ngati munthu wovula nsapato zothina. Dzanja lake lamanzere linali ndi zala zitatu, ndipo za ziwiri zinazo ankangoti zinatsala ku nkhondo. Mhlanga, woyendetsa macheka, anali wa ku Zimbabwe, munthu wa mapepala a sukulu ochuluka kuposa a bwana ndi anga kuphatikiza, ndiponso wa pakamwa pakuthwa kuposa machekawo. Onse awiri ankanditcha Aphunzitsi. M'nyengo yozizira ya kumeneko, imene imaumitsa madzi m'chidebe, tinkaphatikiza mabulangeti athu atatu n'kufunda ngati ana a mimba imodzi.

Apolisi ankatichezera Lachisanu masana, podziwa kuti ndi tsiku la malipiro. Mapepala sankawafunsa kuti awaone, koma kuti awapeze ndi vuto; kenaka ankadandaula za ludzu, ndipo ludzu lawo silinkatha ndi madzi. Tsiku lina nditaona galimoto yawo ndinathamangira pakati pa miyala ya pamanda yodikira eni ake, n'kugona chagada, manja pachifuwa. Atachoka, Mhlanga anadzaima pamutu panga. "Dzukani, Aphunzitsi," anatero, "lanu dzina sitinalandire oda." Tinaseka mpaka bwana anasuzumira pawindo. Moyo wa kumeneko unali wotero: chinthu chochititsa manyazi tinkachisandutsa choseketsa kuti chimezeke.

Miyala inali ya mitundu iwiri: ya akufa ndi ya atsogoleri. Ya atsogoleriyo ndi ija imaikidwa ntchito ikamayamba kapena nyumba ikamatsegulidwa, yonena kuti mwala uwu anauika ndi Olemekezeka Akutiakuti. Bwana wathu anali ndi mbiri ya mwala wakuda wonyezimira, choncho makontirakitala ankaitanitsa kwa iye ngakhale miyala yopita m'maiko oyandikana. Mhlanga ankati mwa mitundu iwiriyi woona mtima ndi wa pamanda. "Ukakumba pansi pake upezadi munthu amene walembedwayo," ankatero. "Koma wa nduna, suzumira kumbuyo kwake, upeza tchire."

Pa mawu amenewo panabadwa mwambo wathu, umene tinkautcha khoti la miyala. Mu Disembala, aliyense popita kwawo ankayesetsa kukaona, kapena kufunsa kwa apaulendo, za mwala uliwonse umene unachoka payadi pathu kupita kudziko lakwawo. Lamulungu loyamba titabwerera tinkakhala padzuwa pa zidutswa za miyala, tiyi ali m'makapu, aliyense n'kupereka umboni.

"Wa chipatala uja ndauona," anatero Mhlanga chaka china. "Uli bwinobwino, golide wa Aphunzitsi akuwala. Mbuzi zikuusa mumthunzi wake. Odwala akupitabe m'tauni pa ngolo ya abulu."

"Kwathu ndiye amaba mwaulemu," anayankha Antoniyo. "Sukulu amanga ndithu, zitseko zilipo, belu lilipo. Denga lokha ndi limene lapita kunyumba ya mkazi wachiwiri wa bwanamkubwa. Ana akumaphunzira mvula ikalola."

Za dziko limene tinkagwiramo ntchitolo tinali mboni tonse atatu, pakuti holo ina ya m'lokeshoni tinaisemera miyala itatu: mkulu aliyense watsopano wa khonsolo ankaipaka utoto n'kuitsegulanso. Komabe holoyo inalipo, ndipo magetsi ake ankayaka masiku ena. Mhlanga ankati kusiyana kwake n'kwa nkhokwe chabe. "Khoswe ndi yemweyo. Kuno nkhokwe ndi yaikulu, sangaimalize. Kwathu anaimaliza, tsopano akudya nsungwi zake." Antoniyo sankavomereza. Iye ankati mtsogoleri amene waba, koma osakutuma kukapha mbale wako, ndi wabwinoko. Ndipo ponena zimenezi ankalowetsa dzanja lake lija m'thumba.

Ine ndinali ndi muyezo wanga. Ndinkati atsogoleri a kwathu amapemphera, savala zausilikali, ndipo akaima pagulu amalankhula mawu oyalana bwino, oyamba ndi kutha pamalo pake. Ndinkakhulupirira ndi mtima wonse kuti munthu wosamala mawu ake sangakhale wosasamala anthu. Mhlanga ankaseka mpaka kutsamwa tiyi. "Inu mulibe mlandu m'khoti muno chifukwa mulibe mwala," ankatero. "Kwanu n'kosauka moti nduna zanu sizikwanitsa ngakhale kunama pa mwala wakuda. Zimanamira pa thabwa." Ndinkaseka nawo, koma mawuwo ankandikhala pamtima.

Zimene ndinkatumiza kumudzi Esinati sanazimwaze. Anaumbitsa njerwa, n'kuziotcha, n'kumangitsa nyumba ya zipinda zitatu, ya malata, ya simenti pansi, yoyamba yotere kumbali yathu ya mudzi. Ndikafika pa tchuthi ndinkakhala pakhonde pake, ndipo amuna amene kale ankandidutsa ngati mkamwini wamba ankaima kundipatsa moni. Ndivomereze pano kuti nyumba imeneyo ndinkaikonda mopitirira muyezo. Inali umboni wokhawo wakuti zaka zanga za m'fumbi sizinapite pachabe.

Koma mtsinje unkayandikira. Miyala ndi mchenga zotsika m'phiri zinkaukwirira chaka ndi chaka, madzi n'kumafuna njira zatsopano. Dzinja lina madziwo anafika mpaka kukhitchini n'kutenga mtondo ndi khola la nkhuku. A Mulipa anapita ku Nazombe, kwa abale awo a kuchikazi, n'kupemphako malo okwera. Anasonkhanitsa alongo awo atatu n'kugamula kuti onse asamuke akakolola. Esinati anandiimbira foni.

"Achimwene akuti tisamuke."

"Nanga nyumba?"

"Akuti malata ndi zitseko tichotse, njerwa zitsale."

"Simenti nayo itsale? Khonde nalo litsale?"

"Bambo a Lidiya, khonde silisenzeka."

Ndinamuuza kuti andipatse nthawi ndiganize.

Mwezi womwewo bwana anandiitana n'kundipatsa pepala. "Ticha, ichi n'chilankhulo chako," anatero. Pamwamba panali Chizungu, pansi Chichewa. Ndinawerenga katatu ndisanakhulupirire. Kampani ina ya kumeneko inali itapatsidwa ntchito yomanga dayiki, khoma la miyala lotchinga madzi, pa mtsinje wathu womwewo, ndipo inkafuna mwala woti nduna ikavundukule. Dzina la mtsinje linali pamenepo. Dzina la mudzi wathu linali pamenepo. Ndinatuluka nalo pepalalo. "Mhlanga!" ndinafuula. "Bwera uwerenge. Thabwa lija ndi ili."

Mwala umenewo sindinalole kuti makina a mchenga aukhudze. Chilembo chilichonse ndinachisema ndi dzanja, masiku khumi, ndipo golide ndinamupaka kawiri. Utatha ndinavala jekete n'kuima pambali pake, Antoniyo n'kundijambula ndi foni. Chithunzicho ndinatumiza kwa Lidiya kuti akaonetse amake, koma kalata ndinaipereka kwa dalaivala wa basi, pakuti nkhani yaikulu siyenera kuthera pa foni. Ndikukumbukirabe chiganizo chimodzi cha m'kalatamo: "Dayikiyi sindinaimve pa wailesi kapena kwa anthu a m'basi, ndaigwira ndi manja anga."

A Mulipa anandiimbira okha, chinthu chimene anali asanachitepo.

"Alamu, kalata yanu atiwerengera. Mwagwira mwala inu, simunagwire dayiki."

"A Mulipa, boma silingaitanitse mwala kuchokera kunja pa chinthu chimene silidzamanga. Zinthu zimenezi zili ndi dongosolo lake."

"Dongosololo madzi akulidziwa? Madzi anapita ku sukulu?"

"Inu simunaone pepala lake. Ine ndaliona, lili ndi chidindo."

"Ine ndaona mtsinje, alamu. Ndinabadwira pomwepo. Mlongo wanga ndi wa mbumba yanga, ndimutenga."

Sanamutenge, chifukwa Esinati anakana. Azing'ono ake awiri anagwetsa nyumba zawo zaudzu n'kupita ku Nazombe pamodzi ndi a Mulipa. Iye anatsala. Lidiya anandiuza pambuyo pake zimene amake anayankha pamsonkhano wa banja: "Amuna anga chikhalire sanalembepo bodza."

Tsiku lovundukula mwala Esinati anandiimbira mawu atasasa ndi nthungululu. Kunabwera magalimoto ochuluka, amayi anavina, nduna inalankhula, phungu wa dera lathu analankhulanso. "Ndauza aliyense kuti mwalemba ndinu," anatero. "Ena akuugwiragwira kuti aone ngati ndi golide weniweni. Thirakitala yabweranso, ikukankha miyala." Chimwemwe chimene chinali m'mawu ake sindinachimvenso kwa munthu wina aliyense.

Mu Disembala ndinapita kukaona ndekha. Mwala unali pa chipilala cha simenti, wowongoka bwino. Kumbuyo kwake kunali madengu a waya odzaza miyala, oyalidwa mtunda umene ndinauyenda ndi mapazi makumi anayi. Pamene anathera, mtsinje unali monga unalili. Madengu ena opanda kanthu anali ataunjikidwa pansi pa mtengo wa mango. Thirakitala inali itachoka mwezi womwe inabwera.

"Abweranso?" anafunsa Esinati, ataima kumbuyo kwanga.

"Abweranso mvula ikatha, mayi a Lidiya. Ntchito ya mumtsinje sagwira m'dzinja."

Anandiyang'ana, n'kuvomera ndi mutu. Mawu amenewo ndinawanena ndi liwu la mphunzitsi, ndipo ine mwini ndinawakhulupirira theka. Madzulo ake anapakula kalongonda, amene anali atamusamala pamoto kuyambira dzulo lake, ndipo tinadyera pakhonde, mtsinje ukumveka kuseri kwa nthochi.

Ku khoti la miyala la chaka chimenecho ndinanama. Mhlanga anafunsa atapinda manja, "Tiuzeni, Aphunzitsi, kumbuyo kwa mwala wa dziko lopemphera kuli chiyani?" Ndinati dayiki yafika pakati, ndipo ntchito yangoimira mvula. Ndinawonjezanso mathirakitala awiri amene kunalibe. Sindinkafuna kuti munthu wa dziko lina aseke kwathu. Komanso ndikanavomera kwa iwo, ndikanayenera kuvomeranso kwa a Mulipa.

"Ndiye ine ndikukafunsira mbeta ku Phalombe," anatero Mhlanga. Mawa lake Antoniyo, akusalaza mwala ndi madzi, anandiitana m'Chilomwe.

"Mulopwana, mwamuna mnzanga, ndifunse chimodzi. Amake a phungu wanuyo amagona kuseri kwa dayikiyo?"

"Anawasamutsira m'tauni kalekale."

"Nanga mlongo wake? Mbuzi yake? Nkhuku yake imodzi?"

"Funso lakelo n'lotani?"

"Nthawi ya nkhondo akuluakulu ankatiuza kuti msewu wachotsedwa mabomba. Ife tinkayang'ana ngati galimoto yawo idutse poyamba. Ikapanda kudutsa, tinkadzera m'tchire. Chotsa mkazi wako pamenepo."

Ndinamuyankha mawu amene ndidzapita nawo kumanda. Ndinati, "Kwathu si kwanu, Antoniyo." Iye anangopitiriza kusalaza.

Chilimwe chinadutsa, thirakitala osabwera. Lole ina inadzatenga madengu otsala aja, akuti akawasunge pabwino. Anthu anawaonanso atazungulira malo ogona alendo a munthu wina wamkulu, kutali ndi mtsinje uliwonse. Phungu akafunsidwa ankati zonse zili m'njira. Mvula itayandikira, Esinati anati mwina akakhale ku Nazombe mpaka dzinja lithe. Ndinamufunsa kuti malata awayang'anira ndani, pakuti nyumba yosiyidwa akuba sachedwa kuivula. Nanga mpunga, nanga chimanga? "Chaka chino chokha," ndinatero. "Akapanda kubwera chaka chino, tisamuka." Disembala ameneyo sindinapite kumudzi. Mapepala anga okhalira m'dzikomo anali atatha, ndipo ndinkaopa kuti nditatuluka sakandilolanso kulowa.

Napolo anatsika kumapeto kwa dzinja, m'mawa, anthu atadzuka kale, mvula itagwa masiku atatu osapuma. Ine ndinali pabenchi, ndikucheka mphira. Lidiya, amene pa nthawiyo ankagulitsa m'sitolo pa boma, anaimba foni.

"Ababa, amayi sakuoneka."

"Sakuoneka motani? Wafunsa kwa anansi?"

"Anansi ati, ababa? Kulibe mudzi."

Ulendo wa pa basi ndi wa masiku atatu, wodutsa m'maiko a anzanga onse awiri, ndipo pa malire aliwonse panali dzanja lotambasuka chifukwa cha mapepala anga akutha. Ndili m'njira anamupeza Esinati m'dimba la mpunga, kutali cha ku Chilwa, n'kumuika tsiku lomwelo ku Nazombe, pakuti thupi silikanadikira. Nditafika ndinapita pamene panali mudzi. Panali miyala yaikulu ngati nkhokwe, mchenga, ndi mitengo yozuka. Pa nyumba yathu sindinapeze ngakhale njerwa imodzi yoti ndinene kuti khonde linali apa. Madengu a waya aja madzi anangowazungulira. Chipilala chinali chiimire.

Opulumuka anawasonkhanitsa pa sukulu. Ndili komweko kunabwera phungu uja ndi mabulangeti ndi ndowa. Anavula chipewa, anapemphera, anatchula akufa mmodzimmodzi. Ndinamvetsera ndi khutu limene ndinkanyadira nalo moyo wanga wonse, ndipo ndikuchitira umboni kuti munthu ameneyo sanalakwitse liwu limodzi. Miyambi anaiika pamalo pake. Analonjeza dayiki yaitali kuposa yoyamba. Anthu amene ankagona pa simenti ya m'kalasi, ena mwa iwo atataya ana, anaomba m'manja, chifukwa mabulangeti anali asanagawidwe. Pa chisankho chotsatira phunguyo anapambananso.

Ndinabwerera ku Joni kudzera njira zimene sizilembedwa mu pasipoti, pakuti ndinalibe kwina kokhala. Lamulungu loyamba ndinaitana anzanga pa zidutswa za miyala paja, ngakhale sinali nyengo ya khoti. Ndinati ndikufuna kukonza umboni wanga. Ndinanena zonse: mapazi makumi anayi, mathirakitala opeka, kalata, a Mulipa. Ndinkayembekeza kuti Mhlanga anena mawu olasa, ndipo ndinkafuna kuti awanene. Anaika kapu yake pansi. Kenaka anati, "Mlongo wanga anamwalira pobereka, pa ngolo ya abulu ija. Chinali chaka chomwe chija ndinakuseketsani ndi nkhani ya mbuzi."

Khoti la miyala silinakhalenso.

Masiku ano anthu amakangana pa sitolo za atsogoleri a maiko amene amawamva pa wailesi ndi pa foni: uyu ndiye wakuba, uyu ndiye wolimba, tikanakhala ndi wa dziko lakuti bwenzi zinthu zikuyenda. Amandifunsa ine monga munthu woyenda. Ndimawauza kuti zaka zonsezo tinkapikisanitsa akuba athu ngati matimu a mpira, aliyense pansi pa mtima akufuna kuti wake akhale wabwinoko, ndipo mpikisano umenewo ndi umene unandichititsa khungu. Wina ankaopseza, wina ankagawana ndi abale ake, wina ankadya m'nkhokwe yaikulu, wathu ankapemphera. Amene ankagona kuseri kwa miyala yawo sanaone kusiyana. Sindidziwa muyezo wina woposa wa Antoniyo, ndipo pa muyezo umenewo, m'maiko anayi onsewo, sindinakumanepo ndi mtsogoleri amene anakhoza. Amene amandifunsawo amati nkhalamba yataya mtima. Sindiwatsutsa.

Chifuwa chitakula, bwana anandiuza kuti ndikapume kwathu. Ndisananyamuke anandipatsa chidutswa cha mwala wakuda chimene chinatsala pa ntchito ina. Mhlanga anachidula, Antoniyo anachisalaza mpaka nkhope kuonekamo, ine ndinasemapo dzina la Esinati ndi dzanja, zilembo zabwino koposa zonse zimene ndinasemapo m'moyo wanga. Pa siteji ya basi anandithandiza kukulunga mwalawo m'bulangeti. Antoniyo anandigwira dzanja ndi manja ake onse awiri. Sindinaonanenso nawo.

Ndinafika ku Nazombe pa nthawi ya kusudzula, mwambo umene akuchikazi amamasulira mwamuna wamasiye kuti abwerere kwawo. Tinakhala pansi pa mtengo: a Mulipa, azing'ono ake a Esinati, ankhoswe a mbali zonse ziwiri, ndi Lidiya, atakhala kumbali ya amalume ake. Zogawana panalibe, madzi anali atagawa kale. Mawu a mwambo atanenedwa, ndinapempha chinthu chimodzi. Ndinamasula bulangeti, mwala n'kuwala padzuwa.

"Ndaukonza ndi anzanga," ndinatero. "Ndikupempha kuti uikidwe pa manda a mkazi wanga. Simenti ndipeza ndekha."

A Mulipa anauyang'ana nthawi yaitali. Sanakweze mawu, sanali munthu wokweza mawu.

"Ngwokongola, alamu. Dzanja muli nalo, palibe angakane. Koma mlongo wanga anagonapo kale kuseri kwa mwala wanu. Sagonanso pansi pa wina."

Nkhoswe ya kwathu inayamba kundidandaulira, ikuti wolakwa ndi boma, osati mkamwini. A Mulipa anavomera. "Boma linanama, n'zoona. Limanama chaka chilichonse, ndipo sitilimvera. Iyeyu anamvera amuna ake."

Ndinatembenukira kwa Lidiya. Pa mwambo wathu mawu a mwana wamkazi wa malemu amalemera. Akanati uikidwe, amalume ake akanaugwira mtima. Anali akuthyolathyola kamtengo m'manja mwake, maso ali pansi.

"Lidiya," ndinatero, "ndi amako awa."

"Ndikudziwa, ababa. Kalata ija ndinawawerengera ndine." Anakweza maso. "Bwererani nawo."

Ndinaukulunganso m'bulangeti. Panalibe amene anaimirira kuti andithandize, ndipo sindinapemphe. Ndinaitana wa kabaza, tinaumanga pa kaliyala ndi malegeni, ndipo popeza njinga sikanatha kunyamula mwala ndi munthu pamodzi, ndinautsatira pambuyo wapansi, msewu wonse wobwerera kwathu ku Mkhumba.